Nthaka Ikaleka Kugwedezeka, Chilonda Chimatsala

Pa 6 Febuluwale 2023, nthawi itangopitirira 4 koloko m'bandakucha, chivomezi cha mphamvu zokwana 7.8 chinagwedeza kummwera kwa dziko la Turkey ndi kumpoto kwa Syria, ndipo patangotha maola 9 kunabweranso china cha mphamvu 7.5. Ku Turkey kokha anthu oposa 50,000 anafa, ndipo ovulala anapitirira 100,000. Kwa sabata yathunthu wailesi za kanema zinkaonetsa chithunzi chimodzimodzi: munthu akusololedwa pansi pa zipupa zogumuka patatha masiku anayi kapena asanu, ali mbuu ndi fumbi koma akupuma, omupulumutsa akukumbatirana, khamu likuomba m'manja. Ambulansi ikangonyamuka, makamera ankatembenukira kwina.

Kumene ambulansiyo inkapita n'kumene kunkayambira nkhani ina yomwe simveka kawirikawiri. Anthu opulumutsidwa chotere amafika kuchipatala ndi zilonda zakuya zodzaza dothi, simenti ndi madzi onyansa a m'mipope yophulika. Pakatha sabata imodzi kapena ziwiri chilonda chimayamba kununkha, thupi limatentha, ndipo dokotala akapereka mankhwala omwe wakhala akuwadalira kwa zaka zambiri amapeza kuti sakuphula kanthu. Amasintha mankhwala, koma ayi ndithu. Ena amadulidwa mwendo womwe unatuluka m'mabwinja uli wathunthu, ndipo ena amamwalira mwakachetechete pa bedi, patatha milungu itatu chiwaombereni m'manja. Chimene chimawapha ndi mabakiteriya osamva mankhwala, ndipo ouma mutu kwambiri mwa mabakiteriyawa odwala amakawapeza kuchipatala komweko.

Madokotala a ku Turkey anali m'gulu la oyamba kulemba za vutoli mwatsatanetsatane, zaka zoposa 20 chivomezi cha 2023 chisanachitike. Pa 17 Ogasiti 1999 chivomezi chinasakaza mzinda wa İzmit ndi madera ozungulira nyanja ya Marmara, n'kupha anthu oposa 17,000. Chipatala cha asilikali cha Haydarpaşa mumzinda wa Istanbul chinalandira ovulala mazanamazana. Zinthu zitakhazikika, madokotala ake anabwerera ku mafailo a odwala 220 omwe anagonekedwa, ndipo anapeza kuti 41 anatenga matenda ali m'chipatalamo, pafupifupi theka la matendawo ali a m'zilonda. Bakiteriya yemwe anapezeka kwambiri kuposa onse anali wotchedwa Acinetobacter baumannii, ndipo mwa odwala ena bakiteriyayu sanamve mankhwala alionse omwe labotale inayesa. Mwa anthu 41 aja, mmodzi mwa atatu alionse anamwalira, pamene mwa otsalawo omwalira sanakwane awiri mwa 100 alionse. N'zoona kuti omwe anatenga matendawo anali kale ovulala kwambiri kuposa anzawo, komabe kusiyana kwakeko n'kwakukulu moti sikungangothera pa chifukwa chimenecho.

Kuti munthu amvetse chomwe chimachitika, ayenera kuyamba waona mtundu wa bala lomwe chivomezi chimasiya. Bala la mpeni limakhala losalala m'mphepete, ndipo magazi amafikamo bwino lomwe. Mwendo womwe wapanikizidwa ndi denga la konkire usiku ndi usana ndi nkhani ina. Minofu yake imakhala yakufa kapena ili pafupi kufa, timitsempha tating'onoting'ono tatsekeka, ndipo magazi salowamo. Mankhwala opha mabakiteriya, kaya a jakisoni kaya akumwa, amayenda ndi magazi. Kumene magazi safika mankhwala safikanso, ngakhale atakhala okwera mtengo chotani. Mnofu wakufawo umasanduka chakudya cha mabakiteriya, ndipo amadya popanda wowasokoneza.

Vuto silithera pa mwendopo. Chipupa chikangochotsedwa, poizoni wochokera m'minofu yophwanyikayo amathamangira m'magazi n'kukawononga impso. Dokotala wa ku Britain, Eric Bywaters, anafotokoza za vutoli mu 1941 ataona anthu ofukulidwa m'nyumba zophulitsidwa ndi mabomba ku London akumwalira patapita masiku angapo, chikhalirecho ankaoneka ngati apulumuka. Pa chivomezi cha Marmara anthu 639 anapezeka ndi vuto la impso, ndipo 477 anafunika kuikidwa pa makina osefa magazi. Makinawo amafuna kuti paipi ilowetsedwe mumtsempha waukulu. Wodwala yemweyo amaikidwanso paipi ya mkodzo, mwinanso ya mpweya kukhosi. Mwendo ukatupa kwambiri, madokotala amaung'amba m'litali kuti magazi ayambirenso kuyenda, ndipo opaleshoni imeneyi imasiya bala lalikulu lotseguka kwa milungu ingapo. Chilichonse mwa zinthuzi chimapulumutsa moyo, koma chilichonsenso ndi khomo lolowera mabakiteriya. Akatswiri a impso omwe anatsata odwala a ku Marmara anaona kuti omwe anang'ambidwa miyendo ankagwidwa kwambiri ndi matenda a m'magazi kusiyana ndi anzawo, ndipo kuyambira pamenepo akhala akulangiza kuti opaleshoniyi isamachitike mwachizolowezi, koma pokhapokha pali umboni wokwanira woti mwendo uli pa ngozi.

Acinetobacter baumannii si bakiteriya waukali mwachibadwa, ndipo munthu wathanzi angathe kumukhudza osadwala. Mphamvu yake ndi kupirira. Amatha kukhala wamoyo kwa milungu ingapo pa chitsulo cha bedi, pa matiresi, pa katani kapena pa batani la makina, pamalo pouma pomwe anzake ambiri amafa msanga. Amatolanso mosavuta kwa mabakiteriya ena njira zozembera mankhwala. Asilikali a America omwe ankavulala ku Iraq kuyambira mu 2003 anamudziwa bwino moti anamutcha dzina loti Iraqibacter, ndipo ofufuza atalondola komwe ankachokera anapeza kuti gwero lake lenileni linali zipatala zomwe ovulalawo ankadutsamo, osati dothi la kumalo omenyera nkhondo monga ambiri ankaganizira. Mu 2017 bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO linamuika m'gulu loyamba la mabakiteriya omwe akufunika mankhwala atsopano mwachangu, ndipo pa mndandanda wa 2024 anakhalabe m'gulu lomwelo.

Bakiteriya wotere amasangalala chivomezi chikachitika. Madzi a m'mipope amasiya kutuluka, magetsi amazima, makina owiritsira zida za opaleshoni amaima, magolovesi amatha tsiku loyamba lomwe. Namwino mmodzi, amene mwina nayenso wataya abale ake usiku womwewo, amatsuka zilonda za anthu ogona mondondozana pansi m'khonde, kuchoka pa uyu kupita pa uyo, wopanda posamba m'manja. Palibe amene angamuloze chala. Kenako odwala amasamutsidwa. Mu 2023 mbali ina ya chipatala cha boma cha mumzinda wa İskenderun inagwa, ndipo ovulala a m'chigawo cha Hatay anatengedwa pa sitima zapamadzi ndi ndege kupita ku Mersin, Ankara ndi Istanbul. Paliponse pomwe wodwala waima amatolapo mabakiteriya a pamalopo n'kusiyapo ake. Malipoti a zipatala zomwe zinalandira anthuwa anatchulanso dzina lomwe lija la mu 1999.

Nkhani yake yakhala yofanana kulikonse komwe kunapezeka woyeza mafinya. Zinali choncho ku Pakistan chitachitika chivomezi cha ku Kashmir pa 8 Okutobala 2005, chomwe chinapha anthu oposa 70,000, ndiponso m'zipatala za mumzinda wa Chengdu ku China chitachitika cha ku Sichuan pa 12 Meyi 2008. Koma phunziro lowawa kwambiri linachokera ku Haiti.

Chivomezi cha pa 12 Januwale 2010 chinagwetsa mbali yaikulu ya mzinda wa Port-au-Prince pamodzi ndi zipatala zake, ndipo boma la dzikolo linati anthu oposa 200,000 anafa. Magulu a madokotala ochokera m'maiko ambiri anathamangirako ndi makatoni a mankhwala. Malangizo a nthawi imeneyo ankati chilonda chotere chipatsidwe mankhwala monga penisilini, omwe amalimbana kwambiri ndi mabakiteriya a pakhungu. Chipatala cha m'matenti chomwe asilikali a Israel anamanga mumzindawo chinali ndi kalabotale koyezera mabakiteriya, chinthu chomwe magulu ambiri analibe. Chitayeza zilonda chinapeza kuti zambiri zinali ndi mabakiteriya a mitundu ingapo nthawi imodzi, ndipo pafupifupi 9 mwa 10 alionse anali a gulu lomwe akatswiri amalitcha Gram-negative. Awa ndi mabakiteriya okhala ndi chikopa chachiwiri chotchinga mankhwala, opezeka m'matumbo a munthu, m'madzi oipa ndi m'zipatala. Mankhwala a m'makatoni aja sankawakhudza n'komwe. Tanthauzo lake n'lakuti anthu ambiri analandira mankhwala mokhulupirika, m'mawa ndi madzulo, olimbana ndi mdani yemwe m'chilondamo munalibe.

Ku Haiti kunaonekanso cholakwa china chakale chomwe chimabwerera pa ngozi iliyonse, chomwe ndi kusoka chilonda mofulumira. Kwa wodwala ndi abale ake, bala losokedwa bwino ndi umboni woti dokotala wagwira ntchito, ndipo bala losiyidwa lotseguka limaoneka ngati kunyalanyaza. Koma akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Kusoka chilonda chomwe munalowa dothi n'kutsekera mabakiteriya m'nyumba yofunda, yachinyezi ndi yopanda mpweya, momwe amaswana mwaufulu. Madokotala odziwa mabala a nkhondo, monga a bungwe la Red Cross, amaphunzitsa zosiyana ndi zimenezo. Chilonda chitsukidwe ndi madzi oyera ochuluka, mnofu wonse wakufa uchotsedwe ndi mpeni wa opaleshoni kufikira pofika mnofu wotuluka magazi, chiphimbidwe mosapanikiza, ndipo chisokedwe patatha masiku anayi kapena asanu ngati chaoneka choyera. Ntchito imeneyi ndi yotopetsa, yonunkha, ndipo sijambulika bwino. Imafunanso kuti dokotala akhalepobe tsiku lachisanulo. Magulu ena omwe anapita ku Haiti anachita maopaleshoni n'kubwerera kwawo pasanathe masiku ambiri, osasiya ngakhale kapepala kofotokoza zomwe anachita pa wodwala. Zimenezi n'zomwe zinachititsa kuti mu 2013 bungwe la WHO litulutse miyezo yomwe magulu a madokotala akunja ayenera kukwaniritsa asanaloledwe kugwira ntchito pa malo a ngozi.

Dokotala wopanda labotale amakhala ngati mlenje woponya mivi mumdima. Poopa kutaya wodwala amapereka mankhwala amphamvu kwambiri omwe ali nawo, ndipo amapereka kwa aliyense. Mabakiteriya ofooka amafa, ouma mutu aja n'kutsala okha m'wodi, popanda wopikisana nawo. Mankhwala amphamvu a gulu la carbapenem akalephera, chomwe chimatsala nthawi zambiri ndi colistin, mankhwala akale omwe madokotala anawasiya m'zaka za m'ma 1970 chifukwa chowononga impso, n'kuwabwereranso posowa pogwira. Apa ndiye pamakhala pothina zedi, chifukwa wodwala yemwe akufunika colistin ndi yemwe uja impso zake zavulazidwa kale ndi poizoni wa m'minofu. Dokotala amatsala ndi kusankha pakati pa impso, mwendo ndi moyo, ndipo nthawi zina amataya zonse zitatu.

Kumpoto chakumadzulo kwa Syria zinthu zinafika poipa kuposa apa. Mvula ikakuona litsiro sikata. Chivomezi cha 2023 chinapeza dera lomwe linali pa nkhondo kuyambira mu 2011, zipatala zambiri zitaphulitsidwa, madokotala ambiri atathawa. Mabakiteriya osamva mankhwala anali atakhazikika kale m'mabala a anthu ovulala pa nkhondoyo, monga momwe madokotala a bungwe la Médecins Sans Frontières ankaonera pa chipatala chawo cha ku Amman m'dziko la Jordan, chomwe chakhala chikulandira ovulala pa nkhondo za m'chigawocho kuyambira mu 2006. Thandizo la bungwe la United Nations linkaloledwa kulowera pa chipata chimodzi chokha cha Bab al-Hawa, ndipo magalimoto oyamba anadutsa pa 9 Febuluwale, patatha masiku atatu. Kwa chilonda chodzaza dothi, masiku atatu ndi nthawi yaitali kwambiri.

Maiko a kummwera ndi pakati pa Africa sanaonepo chivomezi chopha anthu miyandamiyanda chotere, ndipo n'chifukwa chake nkhaniyi ingaoneke ngati ya kutali. Komatu chigwa chachikulu cha Rift Valley, momwe muli nyanja za Tanganyika ndi Malawi, ndi malo omwe nthaka ikung'ambika pang'onopang'ono. Chivomezi cha ku Salima cha mu Marichi 1989 chinapha anthu 9 n'kusiya pafupifupi 50,000 opanda pogona. Cha ku Machaze m'chigawo cha Manica ku Mozambique, cha mu Febuluwale 2006, chinali cha mphamvu 7.0, zofanana ndi cha ku Haiti, ndipo chinamveka mpaka ku Harare ndi Durban. Chinapha anthu ochepa chifukwa chinachitikira kumalo a anthu ochepa, okhala m'nyumba zopepuka. Mu Disembala 2009 zivomezi zotsatizana zinagwetsa nyumba zambiri ku Karonga n'kupha anthu anayi, ndipo mu Seputembala 2016 china chinasakaza tauni ya Bukoba ku Tanzania. Chiyambire nthawi imeneyo mizinda yakula, ndipo yakula ndi nyumba za njerwa zomangira dothi, zothithikana m'malo otsetsereka. Sipafunikanso chivomezi kuti mabala a mtundu uwu aoneke. Namondwe wa Freddy atagumula phiri la Soche mu Marichi 2023, anthu a ku Chilobwe mumzinda wa Blantyre anafukulidwa m'matope ndi m'miyala ali ophwanyika miyendo, ndipo anathamangitsidwa ku chipatala chachikulu cha Queen Elizabeth.

Chipatala chimenechi ndi chimodzi mwa zochepa m'chigawo chino zomwe zakhala zikuyeza magazi a odwala mosadukiza kwa zaka zambiri, ndipo zomwe chinapeza n'zodetsa nkhawa. Kafukufuku yemwe anatuluka mu 2017 anaonetsa kuti mu 2003, mwa mabakiteriya 100 alionse a mtundu wa Klebsiella opezeka m'magazi, pafupifupi 12 ndiwo sankamva mankhwala a gulu la ceftriaxone. Pofika mu 2016 anali atafika pa 90. Pa bakiteriya wa E. coli chiwerengerocho chinachoka pa wosakwana mmodzi kufika pa 30. Ceftriaxone ndiye jakisoni yemwe zipatala zambiri za boma m'chigawo chino zimadalira wodwala akafika ali kayakaya, ndipo mankhwala oposa pamenepo sapezeka kawirikawiri. Ziwerengerozi ndi za m'magazi, osati za m'zilonda, ndiponso ndi za masiku wamba, madzi akutuluka, magetsi akuyaka. Zikungoonetsa mtundu wa mabakiteriya omwe angalandire ovulala tsiku lomwe wodi idzadzaze mpaka m'khonde.

Chomvetsa chisoni n'chakuti m'malo ambiri ngakhale ziwerengero zoterezi kulibe. Kafukufuku yemwe bungwe la Africa CDC ndi anzake anatulutsa mu 2022, wokhudza maiko 14 kuphatikizapo Malawi, Zambia, Zimbabwe ndi Tanzania, anapeza kuti mwa malabotale azachipatala pafupifupi 50,000, ongopitirira pang'ono imodzi mwa 100 iliyonse ndiwo amayeza mabakiteriya. Ena onsewo angathe kuyeza malungo, HIV kapena kuchuluka kwa magazi, koma sangauze dokotala dzina la chomwe chikudya chilonda, kapena mankhwala omwe chingamve.

Pokonzekera ngozi zogwa mwadzidzidzi, maboma ndi mabungwe amawerenga matenti, mabulangete, matumba a ufa ndi zidebe, ndipo zonsezo n'zofunika. Akafika pa zaumoyo amalemba makatoni a mankhwala, chifukwa katoni imawerengeka, imajambulika, ndipo opereka thandizo amaikonda. Thanki ya madzi ya pa wodi ya ovulala, sopo, jenereta ya makina owiritsira zida, ndi maphunziro a madokotala aang'ono a m'zipatala za m'maboma pa kachotsedwe ka mnofu wakufa sizikopa maso a munthu, choncho zimatsalira m'munsi mwa bajeti. Komatu umboni wa ku Marmara, Haiti ndi Hatay ukuloza kumeneko. Katemera wa kafumbata nayenso amaiwalika. Chitachitika chivomezi cha ku Kashmir, anthu 139 anadwala kafumbata ndipo 41 anamwalira. M'maiko a kuno katemerayu amafikira makamaka ana ndi amayi oyembekezera, moti abambo ambiri omwe angakhale oyamba kukumba m'mabwinja ndi manja sanabayidwenso chichokereni ku sikelo ya ana.

Palinso chizolowezi china cha m'makomo chomwe chimakonzera njira mabakiteriyawa ngozi isanafike. Makapisozi opha mabakiteriya amagulidwa m'misika ndi m'magolosale awiriawiri kapena atatuatatu, amamwedwa pa chimfine chomwe sachiza, ndipo ena amawatsegula n'kuwaza ufa wake pa chilonda. Ufawo suchiza bala lakuya. Umangophunzitsa mabakiteriya omwe alimo kupirira. Munthu yemwe wapeza mnzake wovulala amathandiza kwambiri akatsuka balalo ndi madzi owiritsa kapena othira mankhwala, kuliphimba ndi nsalu yoyera popanda kuthirapo dothi, phulusa kapena zitsamba, ndi kufotokozera achipatala maola omwe mwendowo unakhala wopanikizidwa, chifukwa zimenezo n'zomwe zimawachenjeza za impso.

Kuyeza mafinya kulibe chidule. Kathonje kopaka pa chilonda kamayenera kufika ku labotale msanga, mabakiteriya amafesedwa m'timbale tapadera n'kusungidwa pa kutentha kofanana ndi kwa thupi la munthu, ndipo magetsi akazima pakati pa usiku ntchito imayambiranso. Zonse zikayenda bwino, yankho limatuluka patatha masiku awiri kapena atatu. Kuchokera ku Karonga kukafika ku chipatala chachikulu cha Mzuzu pali mtunda wa makilomita oposa 200, ndipo msewu wake umakwera mapiri a Chiweta mokhotakhota, m'mphepete mwa chigwa chomwecho chomwe chimabala zivomezi.